Chikwama Chako Ndinyamula Ndine

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala pa tebulo la kukhitchini, lija ndinakhoma ndekha titangolowa m'nyumba muno. Amayi ako apita ku Govanhill kukagula matemba oti akulongedzere, ngakhale wawauza kawiri konse kuti ku Australia salola chakudya kulowa. Iwe uli ku Partick kotsanzika anzako. Dzuwa likadalipo, ngati tingalitche dzuwa limeneli la kuno ku Glasgow. Ndiye ndati ndilembe m'nyumba mukadali zii, chifukwa ine ndi iwe tikayang'anizana timakwanitsa mawu atatu okha, achinayi ndi mkangano.

Dzulo pa chakudya unati, "Adadi, Lachisanu musavutike kundiperekeza, anzanga a timu akandidikira ku basi." Ine ndinayankha kuti, "Ndani wakuuza kuti ndimafuna kupita?" Linali bodza limenelo. Ndikufuna kukuperekeza. Mwana wa Mbewe sanyamuka ulendo wa kutsidya kwa nyanja ngati mlendo wotuluka m'resitihausi, wongosiya kiyi patebulo. Kalata yonseyi mutu wake ndi umenewo, zinazo ndi nthambi. Koma uwerenge ndi nthambi zomwe, zandidyera pensulo.

Usaseke zilembo. Ukudziwa kuti m'kalasi sindinapondemo. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, pa buku la nyimbo la amayi ako, ndipo manambala ndinawatola pa tepi yoyezera matabwa. Zomwezo zandifikitsa kuno, sindichita nazo manyazi. Uwerenge mokweza, poti Chichewa chako chili m'makutu, m'maso mulibe. Pokuvuta usakafunse amayi ako, angadziwe zonse zimene ndalemba n'kumandiseka mpaka Khirisimasi.

Kumene ukupitako, Nambewe, ukafunse. Ndikuuze za zenera la ku Partick. Titangofika kuno, iwe uli ndi zaka zinayi, amayi ako akugwira unamwino wawo, ine ndinapeza ganyu kwa mkulu wina wokonza nyumba zakalezi. Ndinali nditapala matabwa zaka makumi awiri ku Mponela, zitseko za theka la tauni ija zinatuluka m'manja mwangamu. Tsiku lachitatu mkuluyo anandionetsa zenera lija lokwera ndi kutsika, nati, kodi awa umawadziwa? Chibadwire sindinaonepo zenera lotero. Koma ndinati ndimawadziwa bwino. Iye atatuluka, ndinaona chingwe chakuda m'mbali mwa felemu. Ndinati uve wanji uwu, ndi kuchidula ndi mpeni. M'kati mwa khoma munamveka gu, ngati munthu wagwetsa mtondo. Kodi m'khomamo amabisamo chitsulo cholemera, ndicho chimagwira zenera kuti lisagwe. Zenera linatsikira pa zala zanga ziwiri izi, zija unkati uli mwana zikhadabo zake n'zoopsa. Mkuluyo atabwera sanakalipe. Anayang'ana zala, nayang'ana chingwe, nati, "Ukanafunsa, ndikanakuuza tiyi asanazizire." Amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya zenera.

Kuno ku Glasgow iwe ndiwe wodziwa, atsikana a timu yako ya mpira amathamanga ukangokweza chala. Koma uko mpirawo ndi wa eni ake, anauyamwira. Gogo woyenda ndi ndodo kumeneko akhoza kukuuza zimene sunazimvepo. Akuitana kuti ukakhale wothandizira kochi wamkulu, ndiye usakafike ngati Mbewe wa ku Mponela. Ukaona chingwe chosachidziwa, usadule. Ndabwereza, usadule.

Ndimakumbukira tsiku unabwera nawo mpira umenewu m'nyumba muno, utangoyamba koleji. Ndinafunsa ngati basi inaupondapo. Mpira wanji wotalika ngati papaya? Unati, "Ndi wa ku Australia, Adadi, umakhala choncho." Unaugunditsa pansi pakhonde kuti undionetse, ndipo m'malo mobwerera m'manja mwako unathawira kumbali n'kukagwetsa ambulera za amayi ako. Ine ndinati mpira wosamvera mwini wake ndi wa anthu osamvera makolo awo. Nditamva kuti mumagwirana, kugwetsana m'matope, mutavala malaya opanda manja m'mphepo ya kunoyi, ndinatseka mtima wanga ndi loko. Zaka khumi unasewera. Unakhala wolumpha pakati, uja amalimbirana mpira ukaponyedwa m'mwamba poyamba masewera. Anakusankha kaputeni. Ku tchalitchi akandifunsa kuti Takondwa ali kuti Loweruka lonse, ndinkati ali ku zolimbitsa thupi. Zaka khumi, ine osaonera ngakhale gemu imodzi, koma ndikukamba za mpira wako ngati ndinaupanga ndine. Kochi wako woyamba, mzungu wa ku Australia wa ndevu zofiira uja, amene ine ndinamutcha Chindevu, anabwera pakhomo pano kudzandipatsa moni, ine ndinamuyankhira pa mpata wa chitseko tcheni chili chokoleka.

Ndanena zimenezi chifukwa makolo onga ine ukawapeza kumenekonso, azungu ndi akuda omwe. Mtsikana wina adzabwera yekha masiku onse, wopanda womuombera m'manja. Usadzafunse kuti bambo ako ali kuti. Ndipo bambowo ukadzawaona tsiku lina ataima patali ngati akudikira basi, usadzawataye. Ena timachedwa kupsa, ngati nyemba za chaka chatha.

Nkhani ina ndi ya amalume ako a Yohane, achimwene awo a amayi ako. Iwe umawadziwa pa zithunzi pokha. Ntchito itawathera ku esiteti ya fodya, anabwera ku shedi kwanga kuti ndiwaphunzitse ukalipentala. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zisanu, koma anadzichepetsa, ankasesa utuchi m'mawa uliwonse. Manja anali nawo abwino, ndinaona ndekha. Tsiku lina la msika anadula chitseko chafupika ndi zala zitatu. Pashedi panali anthu, ena odzatenga mipando, ena ongocheza. Ine ndinanyamula chitseko chija m'mwamba, ndi kunena kuti, "Taonani, alamu anga apanga chitseko cholowera nkhuku pansi." Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Yohane anapukuta mpeni wa puleni, naiika chogona monga ndinawaphunzitsira, natenga chipewa chawo. Sanabwerenso. Anakatsegula shedi yawo ku Dowa, ndipo zitseko zawo zinaposa zanga, ndikuvomera lero poti iwo anagona kale. Chitseko chija ndikanangochiwonjezera kathabwa pansi, ntchito ya ola limodzi. Munthu ndiye sindinathe kumuwonjezera kathabwa.

Ukochi ndi ukalipentala womwewo, kungoti matabwa ako ali ndi makutu. Wina akalakwitsa, umutengere pambali. Kuyamikira uyamikire pagulu, kudzudzula udzudzulire kuseri. Ndipo lilime la a Mbewe uli nalo, ndalimva ukukangana ndi amayi ako za mafuta ophikira. Nthabwala ikakufikira pakamwa anthu ali chete kudikira, uimeze. Imakoma mphindi imodzi yokha.

Tsopano za bondo. Pamenepa pensulo ikulemera. Ataimba foni kuti wavulala, ine ndi amayi ako tinathamangira kuchipatala, ine nditavala nsapato zosiyana. Tinakupeza utagona, mwendo ataumanga, matope akadali m'tsitsi. Unandiyang'ana ngati mwana wa zaka zinayi uja. Mumtima mwanga munali mawu ambiri abwino, Mulungu ndi mboni. Koma amene anatuluka anali akuti, "Ndinanena ine." Unatembenukira kukhoma. Titatuluka pakhonde amayi ako anati, "Bambo a Takondwa, pakamwa panupo pakanakhala chitseko, mukanachipala kalekale." Sabata yomweyo ndinakhoma chogwirira m'bafa, ndinakupangira kampando koikapo mwendo, ndinafupikitsa ndodo zako kuti zikukwane. Ndinkati ndapepesa. Matabwa sayankhula, mwana wanga. Ndazindikira mochedwa.

Atsikana ako adzavulala, poti mpira umenewu suseka ndi munthu. Wina akadzagona pansi, mawu ako oyamba ndi amene adzawasunge mpaka kukalamba. Usadzayambe ndi chimene analakwitsa. Udzangoti ndili pano. Zina zonse mawa lilipo.

Ndazungulira mokwana, ndifike pa Loweruka lija. Padutsa zaka zitatu ndipo m'nyumba muno palibe amene analitchulapo. Bondo litapola unabwerera, n'kusewera chaka china chathunthu, kenako unati basi, ndiyamba kuphunzitsa ena. Amayi ako anandiuza kuti, "Loweruka ndi gemu yake yomaliza. Mukapanda kupita musadzandifunse kuti zinatha bwanji." Ndinati sindipita. Iwo ananyamuka okha. Ndinakhala pano, ndinamwa tiyi, ndinanola matchizulo amene anali akuthwa kale. Kenako ndinavala jekete la kutchalitchi n'kutsika masitepe. Koma poti ndinali nditakana, sindikanafunsa munthu basi yake, ndiye ndinakwera yolakwika. Zenera la ku Partick silinandiphunzitse mokwanira. Pofika ku paki kuja, mpira unali utatha.

Ndikuuze chimene maso anga anaona, osati kuti ndidzitchinjirize, koma kuti udziwe. Ndinaona anthu ataima mizere iwiri, a timu yako ndi a timu inayo, kusiya njira pakati. Ndipo m'njiramo anthu awiri akuyenda pang'onopang'ono, atakunyamula pamapewa, iwe nkhope ili yonyowa ndi misozi. Ndikudziwa, ngakhale kwathu anyamata amanyamula mnzawo akagoletsa, koma amathamanga naye akukuwa. Kuyenda kuja kunali kwina. Ine ndakhoma mabokosi a maliro ambiri pa moyo wanga, Takondwa. Ndikudziwa chimene chimayenda pang'onopang'ono pamapewa pakati pa mizere iwiri ya anthu. Mutu unandiuza kuti bondo lathyokanso ndipo sungathe kuyenda, koma mtima unandiuza zoposa pamenepo. Ndinati awa akumuchitira malodza mwana wanga, uku akuomba m'manja. Sindikumbukira m'mene ndinadutsira pakati pa anthu. Ndinangozindikira ndikukuwa kuti mutsitseni, ndagwira mwendo wako, womwe uja wa bondo. Mmodzi wa okunyamula anapunthwa, n'kukutsitsa mwachangu kuti ungagwe. M'manja munaleka kuombedwa. Kunangomveka galu wa munthu akuuwa kutali.

Unandiyang'ana n'kunena m'Chichewa, iwe amene umandiyankha m'Chizungu cha kuno ku Dennistoun masiku onse, unati, "Adadi, mwatani?" Motsitsa, osakalipa. Pamenepo ndinaona kuti waima bwinobwino ndi miyendo yako iwiri, ndinaona maluwa m'manja mwa amayi ako, ndinadziwa kuti ndadula chingwe china. Mawu oyenera anali amodzi okha. Koma anthu onse aja anali kundiyang'ana, ndipo Mbewe salakwa pagulu. Ndinati, "Kwathu sitichita zimenezi," ndi kutembenuka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba.

Chimene sukudziwa ndi ichi. Patapita miyezi, ndinakamufuna Chindevu. Ndinamupeza akuzika mizati ya zigoli m'mawa wina, ndipo mzati umodzi unali wopendekera, ndiye ndinayamba ndi kumuwongolera, kuti ndisafike chimanjamanja. Kenako ndinafunsa. Inde, ine ndinafunsa. Anati kwawo munthu amene watumikira timu zaka zambiri, tsiku lake lomaliza anzake amamunyamula kumutulutsa m'bwalo, ndipo ngakhale amene amalimbana naye amaima pamzere kumulemekeza. Anati pa zaka zonse zimene wakhala kuno, amene anawanyamula angakwane m'dzanja limodzi. Anati atsikana anakangana sabata yathunthu kuti akunyamule ndani. Ndinafunsa ngati angachitenso tsiku lina, ine nditaima pamzere. Anakanda ndevu, nati, "Bambo, zimenezi zimachitika kamodzi." Sanandinyoze. Anathyola timitengo tinayi, natizika m'matope ngati mizati ya zigoli, n'kuyamba kundiphunzitsa malamulo ngati mwana wa sitandade wani. Ndiyo sukulu yokhayo imene ndinalowapo, ndipo mvula inali kugwa.

Ndiye ndikunena tsopano, ndalemba ndi dzanja langa kuti usadzati unamva molakwika. Ndinalakwa. Ndinakulanda chinthu chimene unachigwirira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, chosabwezeka. Pepa, mwana wanga. Pepanso za kuchipatala. Za tcheni cha pachitseko ndinapepesa kale kwa mwini wake.

China ndi ichi, ndipo usawauze a kutchalitchi. Zaka ziwiri zapitazi, Loweruka lililonse limene ndinkati ndikupita ku msonkhano wa abambo, ndinkakhala kuseri kwa mtengo waukulu uja wa pafupi ndi njira ya oyendetsa agalu. Ndakuona ukuphunzitsa. Ndakuona ukusonkhanitsa atsikana pa nthawi yopuma, iwe pakati, kabolodi kako m'manja, onse atakuweramira ngati anapiye. Tsiku lina kamtsikana kafupi kaja ka tsitsi lofiira kanagwira mpira m'mwamba bwinobwino pafupi ndi zigoli, aliyense anaima kukapatsa mpata monga mwa lamulo, ndipo kanamenya mpirawo n'kuphonya zonse, mizati inayi yonse. Ine kuseri kwa mtengo nthabwala inali itafika kale pakamwa. Iwe unadikira nthawi yopuma, unakatengera pambali, unagwada pa bondo lako labwinolo kuti mufanane msinkhu, n'kukapatsa madzi. Sindinamve zimene unanena. Ndinangoona kuti chakumapeto kanamenyanso pamalo omwewo, ndipo unalowa. Ndiye za a Yohane zija ndakulembera pachabe, unazidziwa kale. Kaya unazitenga kuti, kwa ine ayi. Koma sindifufuta, pepala ndi lodula.

Amayi ako akuti unandiona kalekale, poti mu Glasgow monse palibe wina amavala chipewa ngati changa. Ngati n'zoona, zikomo kuti sunandiitane. Ndikanathawa.

Zotsalazi ndi zazing'ono. Bondo ulisamale, usamaonetse atsikana kalumphidwe ndi thupi lako, pakamwa ulipo. Akuti dzuwa la kumeneko ndi lenileni ngati la ku Mponela, uvale chipewa, khungu lako linakulira mu mitambo. Ukafike n'kufuna tchalitchi, ndipo Amalawi sasowa, ukamva wina akuseka mokweza m'sitima umupatse moni. Timu ikaluza usadzibise, uimbe foni, ngakhale kuno kukhale nthawi yanji. Ikapambana uimbirenso, koma uyambe ndi ine, amayi ako salekeza foni. Akadzakupatsa timu yakoyako, poti adzakupatsa, ndaona ndi maso anga, usadzaiwale kulembera Chindevu. Ukapeza mwamuna ubwere naye ndimuone m'manja. Za ife usade nkhawa. Masitepe ndimakwerabe osapuma mpaka nyumba yachiwiri, ndipo amayi ako ali ndi munthu womukalipira, sasungulumwa. Ukayende, ukagwire ntchito, usamayang'ane m'mbuyo pafupipafupi. Amati ukayenda siya phazi. Iwe kuno wasiya phazi labwino, mlomo ndinasiya ndine.

Pa malamulo onse amene Chindevu anandiphunzitsa, limodzi ndinalikonda. Anati mpira ukadutsa pakati pa mizati italiitali, mumalemba zisanu ndi chimodzi. Ukaphonya pang'ono n'kudutsa cha m'mbali, pakati pa wautali ndi waufupi, simumutaya munthu, mumamulembera imodzi. Ndinamuuza kuti amene anapanga lamulo limeneli anali ndi bambo ngati ine. Kalatayi ndamenyera patali, mochedwa, mphepo ikuomba. Zisanu ndi chimodzi sindikuyembekeza. Ukaona kuti yadutsako m'mbali, undilembere imodzi.

Ndiika kalatayi pamwamba pa chikwama chako chachikulu, pamene sungailambalale. Chogwirira chake chinali chogwedera, ndachimanga. Mawa m'mawa undipeza pansi pa masitepe, nditavala jekete lomwe lija, ndipo nambala ya basi ndafunsa kwa anthu awiri osiyana. Ukatsika n'kuika chikwamacho pansi patsogolo panga, ndidziwa yankho, usavutike ndi mawu. Ukadutsa nacho, ndikutsegulira chitseko ndipo sindinena kanthu, koma basi ndi ya aliyense, ndikhala mpando wakumbuyo.

Kukunyamula iwe sindingathe, unatalika kundiposa ndipo msana wanga unatsalira ku Mponela. Koma chikwama ndinyamula ndine, paphewa. Anzakowo akafuna kuima mizere iwiri pamenepo pokwerera basi, uwauze aime. Ndidutsa pakati pang'onopang'ono, iwe patsogolo, ndipo manja anga onse awiri adzakhala pa chikwama.

Ndamva kiyi pachitseko, ndi amayi ako ndi matemba awo. Tidya tokha amenewo.

Ndine bambo ako,
Mbewe